Sikani imodzi ya mitsempha yambiri: kodi ikumuyenera wodwala wa ku Kadoma ndi Chegutu?

Chegutu ndi Kadoma ali pamsewu waukulu wochoka ku Harare kupita ku Bulawayo, Chegutu pamtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku likulu, Kadoma pafupifupi 140. Ndi dera la golide ndi thonje, kumene agogo ambiri ochokera ku Nyasaland anakhazikika atabwera kudzagwira ntchito m'migodi monga Cam and Motor ndi m'mafamu, ndipo zidzukulu zawo zilipobe, zina pansi pa nthaka ngati makorokoza okumba golide, zina pamsewu ndi magalimoto. Ntchito ziwirizi zikavulaza munthu, kawirikawiri zimamuvulaza malo angapo nthawi imodzi. Mgodi ukagumuka, monga zinachitikira ku Bay Horse m'boma la Chegutu mu Seputembala 2023, wopulumuka amatuluka chifuwa chitapanikizika, chiuno chitasweka, mwendo utaphwanyika, mwina ndi mutu womwe. Kombi ikawombana ndi lole n'chimodzimodzi. Ndiye pali funso limene madokotala a m'maiko ambiri akhala akutsutsana kwa zaka: munthu wotere akafika pa makina a CT, kodi ajambulidwe mitsempha ya magazi ya zigawo zingapo za thupi pa sikani imodzi, kapena ajambulidwe pokhapo pamene dokotala akukayikira, kwinako kudikire? Ine ndikuima ndi sikani imodzi, koma pa odwala ena okha, ndipo chifukwa changa chachikulu ndi kutalika kwa msewu umenewu pakati pa wodwala ndi makina.

Amene sanaloweko m'chipinda cha CT ayenera kudziwa chimene chimachitika, chifukwa mkangano wonse wagona pa masekondi ochepa. Wodwala amagona chagada pa bedi lopapatiza limene limalowa m'chibowo cha makina ozungulira. Pa sikani wamba mitsempha ya magazi siisiyana kwenikweni ndi mnofu woizungulira, choncho amabaya singano yaikulu ya diripi pamkono, n'kulumikiza pampu imene imakankha mankhwala okhala ndi ayodini, mamililita anayi kapena asanu pa sekondi. Wodwala amamva kutentha kukuyenda thupi lonse, m'kamwa mumamveka ngati wanyambita chitsulo, ndipo ambiri amadzidzimuka poganiza kuti adzikodzera, pamene ayi. Mankhwalawo amayenda ndi magazi: amayamba afika kumtima, kenako m'mitsempha ya m'mapapo, pakatha masekondi 20 mpaka 30 amadzaza mtsempha waukulu wa aorta ndi nthambi zake, ndipo pakatha mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono ndi pamene chiwindi ndi mitsempha yobweza magazi zimaoneka bwino. Wojambula amaika chizindikiro pa aorta, makina n'kumayang'ana pomwepo. Mankhwala akangofika, bedi limanyamuka. Akafulumira, mitsempha imaoneka yosadzaza. Akachedwa, mankhwala amakhala atadutsa. Choncho chigawo chilichonse cha thupi chili ndi nthawi yake, ndipo amene akufuna kujambula khosi, chifuwa, mimba ndi miyendo pa ulendo umodzi wa bedi akufuna kukwaniritsa nthawi zingapo ndi jakisoni mmodzi.

Kale zimenezi sizinkatheka. Makina oyamba a Godfrey Hounsfield, amene anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971, ankajambula mutu wokha, ndipo kagawo kamodzi kankatenga mphindi zingapo. Hounsfield anagawana mphoto ya Nobel ya 1979 ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, amene maganizo ake anayambira pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, kotero luso limeneli lili ndi muzu kuno kummwera kwa Africa. Makina a lero ali ndi mizere yambiri yolandira cheza, 64 kapena kuposa, ndipo amatha kuchoka pamutu kufika m'chiuno m'masekondi ochepa. Akatswiri anapezanso njira yogawa mankhwala pawiri: gawo loyamba amalibaya msanga kuti lifike m'chiwindi ndi m'kapamba, lachiwiri amalibaya mochedwa kuti likhale likadali m'mitsempha ikuluikulu pamene bedi likudutsa. Motero kudutsa kumodzi kumaonetsa zimene kale zinkafuna kudutsa kawiri. Kuthekera kulipo tsopano, ndipo chatsala n'kusankha odwala amene akuyenera njira imeneyi.

Mbali yovomereza imayambira pa mfundo yosavuta: mitsempha ya magazi ndi njira imodzi yolumikizana, ndipo matenda ake satsata mmene mabuku anagawira thupi. Aorta ikang'ambika m'kati, monga zimachitikira ena amene magazi awo akhala akuthamanga kwa zaka osalandira mankhwala, mng'aluwo ukhoza kuyambira pafupi ndi mtima n'kutsika mpaka m'chiuno, n'kutseka magazi opita ku impso kapena m'matumbo panjira. Wojambula chifuwa chokha amaona poyambira mng'alu osaona pothera pake, pamene dokotala wa opaleshoni amafuna zonse ziwiri. Madokotala a ku Durban analemba za odwala achinyamata okhala ndi HIV amene mitsempha yawo imafufuma malo angapo nthawi imodzi, m'khosi ndi m'ntchafu makamaka, kotero kuti ukapeza chotupa chimodzi uyenera kufunafuna chinzake. Matenda a Takayasu, amene amakonda akazi achitsikana, amagwira aorta ndi nthambi zake kuyambira m'khosi mpaka ku impso. Wogwidwa sitiroko amajambulidwa mutu ndi khosi pamodzi chifukwa chotseka mtsempha wa mu ubongo nthawi zambiri chimachokera kunsi. Pa za ngozi, kafukufuku wa ku Germany wotsogoleredwa ndi Stefan Huber-Wagner, amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2009, anaunika mbiri ya ovulala kwambiri 4,621 n'kupeza kuti amene anajambulidwa thupi lonse msanga anapulumuka ambiri kuposa mmene kukula kwa mabala awo kunkalozera. Chifukwa chake n'chomveka: munthu wokomoka sanganene pamene pakupweteka, ndipo wothyoka ntchafu amalira za ntchafuyo pamene kapamba akutaya magazi mwakachetechete.

Koma otsutsa ali ndi umboni wolemera kuposa umenewu, ndipo sitiyenera kuupeputsa. Kafukufuku wa ku Germany uja ankangoyang'ana m'mbuyo, ndipo pali msampha wodziwika: amene anamwalira asanafike n'komwe pa makina amagwera m'gulu la osajambulidwa, gululo n'kuoneka loipa pa chifukwa chosakhudza sikani. Pofuna kuthetsa kukayika kumeneku, zipatala za ku Netherlands ndi Switzerland zinachita kafukufuku wotchedwa REACT-2, amene anatulukanso mu The Lancet mu 2016. Ovulala oposa 1,000 anagawidwa mwamaere, ena kujambulidwa thupi lonse nthawi yomweyo, ena kupimidwa mwa masiku onse n'kujambulidwa pokhapo pofunika. Omwalira m'chipatala anali 16 pa 100 alionse mbali zonse ziwiri. Sikani ya thupi lonse inafulumizitsa kudziwa vuto, koma sinachepetse maliro. Otsutsa amati: ngati phindu silinaoneke m'zipatala zolemera, tingauze bwanji banja la ku Rimuka, ku Kadoma, kuti ligulitse mbuzi ndi ng'ombe kulipira sikani yaikulu? Funso limeneli n'lachilungamo, ndipo amene akufuna kuligonjetsa ndi mawu akuti makina atsopano ndi abwino sanayankhe kanthu.

Yankho langa lili m'kafukufuku yemweyo. Zipatala za REACT-2 zinali zikuluzikulu, makina ali m'chipinda cholandirira ovulala kapena pafupi nacho, madokotala a opaleshoni ali pomwepo usana ndi usiku. Kumeneko kusankha kujambula chifuwa chokha si chiganizo chomaliza, chifukwa mimba ikayamba kutupa pakatha ola limodzi, wodwala amangokankhidwa kubwerera pa makina. Ndipo n'zimene zinachitikadi: pafupifupi theka la amene anali m'gulu la kusankha anadzajambulidwabe zigawo zonse, chimodzichimodzi. Gulu limenelo linatetezedwa ndi kuyandikira kwa makina, chinthu chimene wodwala wa ku Chakari kapena ku Sanyati alibe. Iye amayamba wafika pa chipatala cha Kadoma kapena cha Chegutu, ndipo vuto likaposa pamenepo amatumizidwa ku Chinhoyi kapena ku zipatala zazikulu za ku Harare, Parirenyatwa ndi Sally Mugabe. Ulendowo umafuna ambulansi, mafuta, namwino woperekeza, wachibale wosiya ntchito, ndiponso kuti magetsi akhalepo ndipo makina akhale akugwira ntchito pa tsiku limenelo. Munthu wosweka chiuno akagwedezeka pamsewu, magazi amene anayamba kuundana amatha kuyambanso kutuluka. Kwa iye mwayi wogona pa bedi lija nthawi zambiri umabwera kamodzi kokha, choncho kufunsa funso laling'ono pa nthawi imeneyo n'kutchova juga ndi moyo wake.

Chotsutsa chachiwiri ndi cheza. CT imagwiritsa ntchito cheza cha X-ray chochuluka kwambiri kuposa chithunzi wamba cha chifuwa. Munthu aliyense amalandira cheza cha muyeso wa pafupifupi 2.4 mSv pa chaka kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi mlengalenga, pamene sikani ya thupi lonse ya wovulala imafika cha m'ma 20 mSv, kutanthauza cheza cha zaka zisanu ndi zitatu m'mphindi zochepa. Kafukufuku wa ku Britain wa mu 2012 anasonyeza kuti ana amene anajambulidwa ndi CT kangapo anali ndi chiopsezo chokwerako cha khansa ya m'magazi ndi zotupa za mu ubongo, ngakhale kuti chiwerengero cha odwaladi chinali chochepa. Zimbabwe ili ndi bungwe la Radiation Protection Authority of Zimbabwe loyang'anira zimenezi, ndipo lamulo la ntchitoyi kulikonse n'lakuti cheza chilichonse chikhale ndi chifukwa. Ndikuvomereza zonsezi, makamaka pa ana ndi amayi oyembekezera, amene ayenera kujambulidwa mosankha. Koma tiyerekeze zinthu zoyenera kuyerekeza. Kwa wovulala kwambiri, chosankha chenicheni nthawi zambiri chimakhala pakati pa sikani imodzi yokonzedwa bwino ndi masikani atatu apaderapadera, amene m'malire mwake amabwereza malo omwewo: pansi pa khosi kawiri, pamwamba pa mimba kawiri. Mu REACT-2 momwemo kusiyana kwa cheza pakati pa magulu awiri aja kunali kochepa kwambiri. Ndipo chiopsezo chaching'ono cha khansa pakatha zaka makumi awiri sichingalemere mofanana ndi mtsempha umene ukutaya magazi usiku uno.

Pa nkhani ya impso, mfundo ya otsutsa imatembenukira mbali yanga. Mankhwala a ayodini amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndipo amaopedwa kwambiri kwa amene impso zawo zafooka kale, makamaka nambala ya eGFR, yoyeza mphamvu ya impso, ikatsika pansi pa 30. Tsono taganizirani za mgodi. Mnofu ukapanikizika ndi miyala kwa maola ambiri umaphwanyika n'kutulutsa zinthu zimene zimatseka timachubu ta mu impso, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Onjezani kutaya magazi ndi kusowa madzi m'thupi. Onjezani kuti makorokoza ambiri amagwira mekyule pokoka golide, kuti ambiri amamwa ma ARV okhala ndi tenofovir amene amafuna kuyang'anira impso, ndiponso kuti shuga ndi kuthamanga kwa magazi zafala m'matauni. Impso zotere zimafuna ayodini wochepa mmene zingathekere, ndipo jakisoni mmodzi wojambulira zigawo zitatu ndi wopepuka kuposa majakisoni atatu m'masiku awiri. Mankhwalawa ngochokeranso kunja ndipo amatha kusowa: mu 2022 fakitale ya GE Healthcare ku Shanghai itatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ngakhale zipatala za ku America zinkachita kugawa pang'onopang'ono. Dziko logula ndi ndalama zakunja liyenera kufinya phindu lonse m'botolo lililonse.

Pali chotsutsa chimodzi chimene sindingathe kuchigonjetsa kwathunthu, ndicho cha zopezeka mwangozi. Walira mvula walira matope: ukajambula malo aakulu umaona zambiri zimene sunafunse, kachotupa pa impso, kachithupsa m'chithokomiro, timadontho m'mapapo. Kudera la migodi vuto limeneli n'lalikulu, chifukwa mapapo a munthu amene wapuma fumbi la miyala kwa zaka, kapena amene anadwalapo TB, amakhala ndi zipsera zambiri zofanana ndi zinthu zoopsa. Ku Ulaya kadontho kotere amakajambulanso pakatha miyezi ingapo n'kuona ngati kakula. Kwa mayi wa ku Pfupajena, ku Chegutu, mawu akuti mubwerenso mudzajambulitse amatanthauza ngongole ina ya madola a ku America, kapena kukhala ndi mantha osatha chifukwa ndalamayo palibe. Sikani yaikulu imatulutsanso zithunzi zoposa chikwi, ndipo madokotala odziwa kuziwerenga ndi ochepa, ambiri ali ku Harare ndi ku Bulawayo. Diso lotopa likhoza kuphonya kamng'alu ka mtsempha wa m'khosi pakati pa zithunzi zochuluka chonchi, pamene likanapatsidwa khosi lokha likanakaona. Palinso kunyengerera kwa nthawi kuja: sikani yofuna kujambula mitsempha ya mtima, ya mapapo ndi aorta nthawi imodzi kawirikawiri siionetsa uliwonse bwino ngati sikani yolunjika pamodzi. Mavuto amenewa ndi enieni, ndipo chifukwa cha iwo sindingavomereze kuti aliyense ajambulidwe zigawo zonse.

Malire ake ndimawaona motere. Sikani yophatikiza ikuyenera pamene chovulaza kapena matenda ali a mtundu woyenda zigawo zingapo: wokwiriridwa mumgodi, wogwa m'chitsime chakuya cha golide, woponyedwa kunja kwa galimoto, wokomoka amene sangapimidwe ndi manja mokhulupirika, wokayikiridwa kung'ambika kwa aorta, wopezeka ndi chotupa cha mtsempha ali wachinyamata. Siikuyenera kwa amene watemedwa ndi chikwanje pamkono, monga ambiri amene anavulazidwa pamene magulu a zikwanje anavuta m'migodi ya dera lino cha m'ma 2019, chifukwa bala lotere lili ndi malo ake ndipo mkonowo ndi umene ukufunika kuunika. Siikuyenera kwa aliyense wodandaula chifuwa, ngati kuti njira yofufuza matenda atatu nthawi imodzi ingalowe m'malo mwa kufunsa, kumvetsera ndi kuyeza mtima. Siikuyenera n'komwe kwa munthu wabwinobwino amene wapeza ndalama za golide n'kufuna kungodziwa za m'thupi mwake, pakuti ameneyo amagula cheza ndi nkhawa popanda phindu lodziwika. Ndipo pali wodwala mmodzi amene sayenera kupita pa makina alionse: amene magazi ake akutsika ngakhale akulandira madiripi, sikani ya ultrasound ya pabedi n'kuonetsa madzi m'mimba. Malo ake ndi ku fiyeta yapafupi. Kumukweza ambulansi kukafuna chithunzi chokongola ku Harare ndi kumuphera panjira, mwina asanafike n'komwe ku Norton.

Wina anganene kuti malire amenewa akubwezera mphamvu zonse kwa dokotala woyamba, amene kuperewera kwa maso ake ndiko kunayambitsa mkanganowu. Zoona, ndipo n'chifukwa chake mtsutso umene umaoneka ngati wa akatswiri a makina ukukhudza kwambiri zipatala zotumiza odwala. Sikani yophatikiza imakonzedwa isanayambe: wojambula ayenera kudziwa kuti ayambire pati, athere pati, agawe bwanji mankhwala. Mankhwala akalowa, mwayi wosintha maganizo watha. Kalata yongolemba kuti ngozi ya pamsewu, chonde jambulani, imasiya wojambula akungoganizira. Kalata yothandiza imanena chimene chinachitika ndi nthawi yake, maola amene munthu anakhala pansi pa miyala, mmene magazi akhala akuthamangira panjira, mwendo umene wazizira ndi wopanda kugunda, mtundu wa mkodzo, zotsatira za creatinine zoyeza impso ngati zayezedwa, mankhwala amene amamwa monga metformin kapena tenofovir, ndiponso ngati anadwalapo atabayidwa ayodini kale. Singano yaikulu ikhale itabayidwa kale pamkono wabwino, chiuno chosweka chitamangidwa ndi nsalu, ndipo foni iimbidwe ambulansi isananyamuke kuti atsimikize kuti makina akugwira ntchito. Zonsezi zimatheka popanda makina atsopano ku Kadoma kapena ku Chegutu, bola ogwira ntchito akhale ndi nthawi, labu yoyeza magazi ndi nambala ya foni imene wina amayankha.

Chatsala ndi ndalama, ndipo apa eni makina ndi mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo ali ndi mbali yawo. Pamene mtengo ukuwerengedwa pa chigawo chilichonse, khosi mtengo wake, chifuwa wake, mimba wake, banja limakakamizika kusankha chigawo chimodzi malinga ndi ndalama zimene lili nazo, chiganizo cha dokotala n'kugonja. Komatu kudutsa kumodzi kwa bedi kumadya singano imodzi, jakisoni mmodzi ndi mphindi zochepa zowonjezera pa makina. Chimene chimakuladi ndi ntchito yowerenga zithunzi, ndipo imeneyo ndiyo iyenera kulipiridwa mokwanira. Mtengo umodzi wa sikani ya wovulala kwambiri, wotsika kuposa kuphatikiza mitengo itatu, ungachotse chiyeso chojambula theka la vuto. Zithunzizo ziperekedwenso kwa wodwala pa disiki kapena zitumizidwe pa intaneti ku chipatala chimene akubwerera, kuti dokotala wa ku Kadoma amene adzamuone pakatha mwezi asayambirenso kulemba kalata ya sikani ina.